Chaka Chimene Fuluwenza Inabweranso

Chimfine chachikulu chija chinandipeza ndili m'chaka chachiwiri cha maphunziro a unamwino ndi uzamba, pachipatala cha mishoni m'munsi mwa phiri la Mulanje. Chinali chaka cha 1957. Masiku amenewo ndinali mtsikana wodzidalira kwambiri. Kwathu ku Limbuli atsikana omaliza Sitandade 6 tinali owerengeka, ndipo ndikapita kutchuthi amayi a m'mudzi ankabwera ndi ana awo kudzandionetsa zipere ndi maso ofiira, ngati kuti ndine dokotala.

Ophunzira tinali magulu awiri. Atsikana tinkaphunzira unamwino, anyamata ankaphunzira ntchito yothandiza dokotala, koma pa phunziro la matenda tinkakhala m'chipinda chimodzi, iwo chakumazenera, ife chakukhomo. Tonse tinkakhulupirira kuti nthenda iliyonse ili ndi jekeseni wake. Zifukwa tinali nazo. Munthu ankabwera pa machila ndi chilonda cha pamwendo choti chamugoneka chaka chathunthu, chonunkha mpaka panja, ife n'kumubaya penisilini, posakhalitsa chilonda chija n'kuyamba kuuma. Nthomba tinkaitchinga ndi katemera. Tizilombo ta malungo ndi mazira a likodzo tinkaziona ndi maso athu pa maikulosikopu. Panalibe choti n'kutiopsa.

Amene ankatiphunzitsa za matenda anali bambo wina wa ku Chiradzulu, mkulu wa othandiza dokotala pachipatalapo. Anakhalako kunkhondo ku Burma akusamalira asilikali ovulala, ndipo ankayendabe ngati ali pa perete. Tinkangowatchula kuti aphunzitsi. Tsiku lina, nyengo yozizira itangoyamba, analowa m'kalasi ndi nyuzipepala ya ku Blantyre m'khwapa, n'kuiika patebulo.

"Lero tisiye za njoka za m'mimba," anatero. "Ku Asia kwabuka chimfine. Chadutsa kale maiko ambiri pa sitima za pamadzi. Chikangofika ku Beira, sitima ya pamtunda idzachitsitsa ku Luchenza, ndipo kuchokera ku Luchenza kufika kuno ndi ulendo wa panjinga."

Mnyamata wina wa ku Phalombe, wodziwika ndi nthabwala, anakweza dzanja. "Aphunzitsi, chimfine chomwechi cha mamina? Mpaka kuchilemba m'nyuzi?"

Tinaseka tonse, ngakhale ine ndemwe. Aphunzitsi anadikira kuti timalize.

"Chomwecho," anayankha. "Koma chimenechi n'chatsopano, matupi athu sanakumanepo nacho. Ndiye sichisankha. Chikalowa m'mudzi chimagoneka anthu nthawi imodzi, osatsala wotunga madzi."

Anatifotokozera kuti chimayamba ndi kachilombo kotchedwa vairasi, kamene kamayenda m'mate ndi m'mamina munthu akatsokomola kapena kuyetsemula. Wina anapempha kuti tikakaone pa maikulosikopu. Aphunzitsi anati n'kakang'ono kwambiri, makina athuwo sangakaone. Wina anafunsa za jekeseni. Anati palibe, penisilini sakakhudza n'komwe. Nthenda yosaoneka, yopanda jekeseni, ife tinali tisanaimvepo.

Kenaka anaimirira mnyamata wina wokonda ndale. Nthawi imeneyo dziko lathu linali litalowetsedwa m'chitaganya ndi maiko a Rhodesia eniake tisakufuna, ndipo chilichonse chochokera kuboma anthu ankachikayikira. Iye anati, "Aphunzitsi, kodi si nzeru za chitaganya zimenezi, kuti anthu achite mantha asiye kusonkhana?"

"Chitaganya ndimadana nacho kuposa iwe," anatero aphunzitsi. "Koma chimfinechi chagoneka kale Amwenye, Matchaina ndi azungu omwe kumene chadutsa. Ukauza odwala kuti ndi ndale, adzakhala kunyumba mpaka chibayo chiwamalize. Khala pansi."

Mawu akuti chibayo ndi amene anandibwezera mtima m'malo. Aphunzitsi anati anthu ambiri chimfinechi chimawazunza masiku owerengeka n'kuwasiya. Amene amafa, kawirikawiri chimene chimawapha ndi chibayo chobwera pambuyo pake, ndipo chibayo ndiye tinali ndi mankhwala ake. Choncho ntchito yathu inali kusiyanitsa: uyu ali ndi chimfine chokha, agone, amwe madzi ambiri ndi asipilini, uyu mapapo agwidwa, alandire penisilini msanga. Masabata otsatira anatiphunzitsa zimenezo zokhazokha. Tinkawerengerana kapumidwe, kuyang'ana mphuno ngati zikutambasuka popuma, milomo ngati yada, makhololo ngati asintha mtundu. Anatiuza kuti maso athu azikhala pa makanda, okalamba ndi amayi oyembekezera. Ine ndinazikonda zimenezi. Ndinkaona kuti nthenda yoti ukuidziwa njira zake siingakudzidzimutse.

Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi sankaziona choncho. Anali mtsikana wa ku Likhubula, mwana wa bambo wocheka matabwa a mkungudza kuphiri, wofatsa, wa manja abwino kwambiri pa uzamba kuposa tonsefe. Madzulo ena tikusita mayunifolomu anandifunsa, "Nanga ifeyo tikadwala, atisamala ndani?"

"Tisamalana," ndinatero. "Sitingagwe tonse tsiku limodzi."

"Aphunzitsi anena kuti chimagoneka anthu nthawi imodzi."

"Ndiye iwe udikire ine ndichire kaye, kenaka udwale."

Anaseka pang'ono, koma m'mawa mwake anapita kwa asisitala, mayi wachizungu amene ankayang'anira anamwino, kukapempha nsalu zakale za pabedi. Anazidula tizidutswa, n'kusoka tophimbira pakamwa ndi mphuno, tokhala ndi zingwe zomangira kumbuyo. Anyamata anamuseka kuti akufuna kutisandutsa zinyau. Iye anangopitiriza kusoka mpaka aliyense anali ndi tiwiri, kena kovala, kena kowiritsa.

Mbiri ya chimfine inafika kumidzi chimfinecho chisanafike. Loweruka lina masana anandiuza kuti pachipata pali mlendo wanga. Ndinapeza ali bambo anga, atatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, pakaliyala atamangirira nanazi ndi kathumba ka makaka, chinangwa chouma chija. Bambo ankagwira ntchito yodulira tiyi pa esiteti ina kufupi ndi kwathu. Anabadwira kutsidya, ku Mozambique, ndipo anawoloka ndi makolo awo ali mwana. Ine ananditcha dzina la mayi awo, choncho sankanditchula mwanjira ina koma kuti amayi.

Titapatsana moni anangoti, "Amayi, katengeni katundu wanu. Tikupita kunyumba."

"Kwagwanji, ababa?"

"Akuti fuluwenza ikubweranso."

Ndinawauza kuti tikudziwa, ndipo takonzeka. Anapukusa mutu n'kukhala pansi pamuzu wa mangowo. Anayamba kulankhula Chilomwe, chimene ankachita nkhani ikakhala ya mumtima. Anati ine fuluwenza ndimaimva m'kalasi, iwo anaiona. Inabwera nkhondo yoyamba ya azungu itangotha, iwo ali kamnyamata, banja lawo litangomanga kumene pa esiteti. Inayamba ndi mlongo wawo, kenaka mayi awo, kenaka khanda limene mayiwo ankayamwitsa. Anati m'mudzi munasowa okumba manda. Nkhuku zinkalowa m'nyumba kukadya ufa popanda woziingitsa. Iwo anachira okha, akumwa madzi a mumtsuko mokwawa. Nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo yonse. Kunyumba ankangoti agogo anamwalira ndi fuluwenza, basi.

"Ndinataya amayi kamodzi," anatero. "Kachiwiri ayi. Kuno ndi kumene odwala onse adzathamangire. Inu mudzakhala pakati pawo."

Ndinakhala nawo pansi. Mtima unandiwawa, koma maganizo anga sanagwedezeke. Ndinati, "Ababa, nthawi imene ija kunali ndani woti awapatse agogo madzi? Kunali penisilini? Lero zilipo. Ndikapita ku Limbuli chimfine chikandipeza komweko, ndipo kumeneko kulibe dokotala. Kuno ndikadwala, bedi lilipo, mankhwala alipo. Komanso ndikathawa lero, mawa ndidzavala bwanji yunifolomuyi?"

Anayang'ana phiri. Kenaka anafunsa ngati mzungu ndiye watiletsa kuchoka. Ndinati ayi, palibe watiletsa, ndasankha ndekha. Ndinawauza zoti akachite kunyumba: wodwala agone payekha, amwe madzi ndi phala, asamwerane chikho ndi ena, ndipo akayamba kupuma mothamanga kapena kumva kubaya m'nthiti, abwere naye kuchipatala tsiku lomwelo. Anabwereza mawuwo amodziamodzi ngati mwana wa sukulu. Anamasula nanazi ndi makaka, n'kukwera njinga osatsanzika bwino.

Chimfine chinafika pamodzi ndi chiperoni, nyengo ija ya nkhungu ndi mvula yowaza imene imaphimba phiri masiku angapo osaona dzuwa. Chinayamba ndi ana a sukulu yogonera komweko ya pamishoni. Kenaka lole ya esiteti inabwera ndi anthu atagona kumbuyo, atafunda masaka, akunjenjemera. Tsiku lotsatira inabwera kawiri. Mabedi anatha, tinayala mphasa pansi, kenaka pakhonde, kenaka m'kalasi mwathu momwe tinatulutsa mabenchi. Kulikonse kunali chifuwa. Tinkawiritsa masamba a bulugamu m'mabeseni kuti odwala azipuma nthunzi yake, ndipo fungo limenelo mpaka lero likandipeza ndimaona khonde lija.

Vuto lalikulu silinali nthendayo koma jekeseni. Aliyense ankamufuna. Munthu woti wayenda mtunda wautali, mutu ukung'amba, kumuuza kuti alandira asipilini ndi madzi, ankaona ngati tamunyoza. Penisilini anali wochepa, ndipo dokotala analamula kuti akhale wa a chibayo okha. Ndikukumbuka kalaliki wina wa mu ofesi ya pa esiteti, wovala jekete ndi tayi, amene anandiimitsa pakhonde.

"Anesi, mundibaye. Ine si munthu wamba."

Ndinamugwira pamkono, n'kuwerenga kapumidwe kake, n'kumuyang'ana milomo. "Bambo, mapapo anu ali bwino. Jekeseni sakuthandizani. Imwani awa, mukagone, mufunde."

"Mukusungira azungu eti?"

"Tikusungira amayi awo," ndinatero, n'kumulozera gogo wina amene anali atatsamira khoma, nthiti zikukwera ndi kutsika ngati mvukuto. Kalaliki uja anayang'ana, n'kulandira mapiritsi ake, n'kumapita.

Mnyamata wandale uja ndiye anakhala katswiri pa ntchito imeneyi. Anthu ankamudziwa kuti sagwirizana ndi boma, ndiye iye akanena kuti jekeseni sachiza chimfine, ankamumvera msanga kuposa ife. Ankaima pakhomo la odwala ongobwera n'kumalankhula ngati ali pamsonkhano, kansalu kake kali pachibwano, aphunzitsi n'kumamukalipira kuti akakweze.

Sabata yachiwiri asisitala anagwa. Anatsatira anamwino awiri akuluakulu, kenaka ophunzira, mmodzi lero, atatu mawa. Ine chinandigwira m'mawa wina ndikugawa phala. Ndinangomva msana ngati wina waumenya ndi mpini, maso kulemera, mawondo kulefuka. Mnzanga wa ku Likhubula anandilanda chipande n'kundiperekeza kuchipinda. Pondifunditsa anati, "Wasunga pangano. Ine ndikudikira."

Kudwala kwangako kunali kowawa, sindinganame. Thupi linkatentha kwinaku mano akugundana, mutu ngati ukugawanika, kummero kouma ngati ndameza mchenga. Koma mantha ndinalibe. Ndikadzuka ndinkaika dzanja pachifuwa n'kuwerenga kapumidwe kanga, n'kupeza kuti kali m'malo mwake, ndiye n'kumwa madzi n'kugonanso. Patapita masiku ochepa kutentha kunatsika. Ndinadzuka wofooka, miyendo ngati ya mwana wophunzira kuyenda, koma njala inali itabwerera.

Aphunzitsi atandiona pakhonde anati, "Wachira? Ndiye iwe tsopano ndiwe msilikali weniweni. Thupi lako lachidziwa, sichikugwiranso msanga. Pita kwa odwala kwambiri." Tonse ochira anatitumiza kumeneko, ndipo amene anali asanadwale anawaika kowiritsa masingano ndi kophika.

Si onse amene tinawapulumutsa. Gogo uja amene ndinamulozera kalaliki anamwalira ngakhale analandira penisilini. Amene anandipweteka kwambiri anali mnyamata wina wothyola tiyi, wamphamvu, wa msinkhu wanga. Anabwera akuyenda yekha m'mawa, pofika madzulo milomo inali itada, m'mawa mwake kunalibe. Tinachita zonse zimene tinaphunzira. Ndinafunsa aphunzitsi kuti talakwitsa pati. Anati palibe, nthawi zina kachilomboko kamalowa kokha m'mapapo, ndipo pamenepo mankhwala athu alibe mphamvu. Ndinapita kuseri kwa chipinda chochapira n'kulira pang'ono, kenaka ndinasamba m'manja n'kubwerera, chifukwa odwala ena anali akudikira.

Masiku omwewo kunabwera bambo wina wa sitolo kumsika wa Limbuli, Myao wachisilamu amene ndinkamudziwa kuyambira ndili mwana, chifukwa tinkagula mchere ndi palafini kwa iye. Anabwera ndi mkazi wake pa machila. Mayiyo anali woyembekezera, mwezi wake usanakwane. Bamboyo atandizindikira anandigwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Mwana wa kwathu, ndi inu? Ndakusiyirani. Akuti ndi chimfine chabe, koma ine ndikuona ngati si chabe."

Sanalakwe. Mayiyo ankapuma mwachidule, mothamanga, akugwira m'nthiti, ndipo atatsokomola makhololo anali ofiirira. Dokotala anali m'chipinda cha opaleshoni. Ndinathamangira kwa aphunzitsi n'kuwauza zimene ndaona. Sanapite n'kukaona komwe. Anangofunsa kuti, "Watsimikiza?" Ndinati eya. Anandipatsa kiyi wa kabati ya mankhwala. Aka kanali koyamba kuti andikhulupirire chotero, ndipo ndinamubaya mayiyo penisilini nthawi yomweyo.

Tsiku lotsatira masana, kutentha kwa thupi kusanatsike, matenda a uchembere anamuyamba. Mzamba wamkulu anali chigonere ndi chimfine. Tinatsala awiri, ine ndi mnzanga wa ku Likhubula, amene mpaka tsikulo anali asanadwale ndipo anamuika kowiritsa masingano. Ndinakamuitana. Anaima pakhomo la chipindacho, akumva mayiyo akutsokomola, ndipo ndinaona mantha m'maso mwake. Kenaka anamangitsa kansalu kake, n'kusamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kulowa.

"Iwe khala kumutu, uziwathandiza kupuma," anandiuza. "Kunoku ndisiyire."

Tinamukhazika mayiyo motsamira mapilo kuti mpweya uzilowa. Ine ndinkamupukuta thukuta ndi kumupatsa madzi pa supuni, mnzangayo akumulankhula mofatsa m'Chiyao chochepa chimene ankadziwa. Mwana anabadwa dzuwa lisanalowe, wamkazi, wamng'ono ngati botolo, osalira. Mnzanga anamupukuta m'kamwa, n'kumusisita kumsana, osafulumira, osataya mtima, mpaka kanamveka kamawu ngati ka mwana wa mphaka. Tinamukulunga m'thonje ndi bulangete, n'kumuika m'bokosi pakati pa mabotolo a madzi ofunda. Dokotala atafika anaona zonse, n'kungogwedeza mutu kuti zili bwino, n'kupita kwa wodwala wina.

Bambo wa sitolo anapempha kuti alowe kaye akanong'oneze mwana mawu a chipembedzo chawo m'khutu. Tinamuveka kansalu pakamwa n'kumulola. Mayi ndi mwana onse anakhala moyo. Mnzanga uja chimfine chinamugwira patangopita masiku awiri, ndipo ndinamusamala ine, monga tinapanganirana. Atachira sanalankhulenso za mantha.

Odwala atayamba kuchepa pachipatala, uthenga unabwera wakuti kumidzi ya kumalire anthu akugona m'nyumba osabwera, ena chifukwa cha mtunda, ena chifukwa anamva kuti kuchipatala akukaniza jekeseni. Dokotala anaganiza zotumiza ophunzira ochira awiriawiri panjinga. Ine ananditumiza cha ku Limbuli chifukwa ndimalankhula Chilomwe, pamodzi ndi mnyamata wa nthabwala wa ku Phalombe, amene chimfine chinamuondetsa mpaka kabudula ankachita kumanga ndi chingwe. Sanatchulenso za mamina. Tinanyamula asipilini, sopo ndi mankhwala a chifuwa.

Tinkayenda nyumba ndi nyumba. Okalamba ambiri anali ndi maganizo ngati a bambo anga, akuti iyi ndi fuluwenza yomwe ija, yabwera kudzatenga amene inawasiya. Ena anatseka zitseko ndi mazenera, akusonkha moto m'nyumba, utsi uli tho, wodwala akutsamwa. Tinkatsegula, n'kuwatulutsa kukaothera dzuwa. Za maliro tinalephera. Tikati odwala asapite kumaliro, ankatiyang'ana ngati tapenga. Mayi wina anandifunsa kuti, "Inu mayi anu atamwalira, mungakhale m'nyumba chifukwa cha chifuwa?" Tinangopempha kuti otsokomola azikhala panja, ndipo asamwerane chikho chimodzi cha thobwa. Zimenezo ena anamvera. Tinapeza anthu angapo a chibayo, ndipo mnyamata wa ku Phalombe uja anapita kukapempha lole ya esiteti kuti iwanyamule.

Kwathu ndinafika masana. Mayi anga anali atadwala n'kuchira, azing'ono anga chimodzimodzi. Mayi anandilandira pabwalo n'kunong'ona kuti, "Abambo ako akana kudya. Agawa kale makasu ndi njinga."

Ndinawapeza atagona pamphasa, atafunda mabulangete onse a m'nyumba, atayang'ana kukhoma. Anatembenuka atamva mawu anga.

"Amayi, mwabwera? Mwachita bwino. Ine ulendo wapsa."

Ndinagwada pambali pawo. Thupi linali lotentha ndithu. Ndinawagwira pamkono, n'kuika dzanja pachifuwa pawo, n'kuwerenga. Ndinawauza kuti apume kwambiri, n'kufunsa ngati pali pobaya. Anati palibe. Ndinawatsokomoletsa n'kuona makhololo. Ndinawayang'ana milomo ndi zikhadabo. Kenaka ndinaika khutu pamsana pawo, poti chomvetsera cha dokotala ife ophunzira sitinkayenda nacho. Mpweya unkalowa bwinobwino mbali zonse.

"Ababa, simukufa."

"Musandinyengerere."

"Ndikanakhala kuti ndikukunyengererani, bwenzi ndikukuuzani kuti simukudwala. Mukudwala, ndipo mawa mudwalabe. Koma mapapo anu ndi oyera. Ine ndaona anthu akufa ndi nthendayi, ndikudziwa mmene amaonekera. Inu simukuoneka choncho. Chimene chingakupheni ndi kukana madzi."

Anandiyang'anitsitsa. "Inuyo munadwala?"

"Ndinadwala, ndipo ndi ine ndili panoyu. Ndabwera panjinga kuchokera kumishoni."

Kenaka anafunsa ngati ndabweretsa jekeseni. Ndinaseka, n'kuwauza kuti ngakhale iwo sindiwabaya. Ndinawapatsa asipilini, mayi n'kubweretsa tiyi wa mandimu ndi phala la mgaiwa. Anamwa tiyi yense, phala anadya theka. Ndinachotsa mabulangete ena n'kutsegula chitseko. Pochoka ndinauza mng'ono wanga amene anapatsidwa njinga kuti asaizolowere, mwini wake aifuna posachedwa. Bambo anamva ali m'nyumba, ndipo anakuwa ndi mawu osasa kuti asayerekeze n'komwe kuikwera. Mayi anaseka mpaka kugwira chitseko. Bambo anachira, ndipo anakhala ndi moyo mpaka kuona ana anga.

Chimfine chinachoka mmene chinabwerera, popanda kutsanzika. Kutayamba kutentha tinangoona kuti pakhonde palibenso mphasa. Tinakolopa m'kalasi ndi sopo, n'kubwezamo mabenchi. Asisitala anadzuka ataonda, n'kuyamba kutikalipira za makwinya a zipewa zathu, ndipo tinadziwa kuti moyo wabwerera m'malo mwake.

M'mawa wina anthu anayi anafika ndi machila kuchokera ku Likhubula. Ife tinathamanga ndi tinsalu tathu pakamwa, wina atanyamula kale asipilini. Titavundukula tinapeza bambo wonyamula matabwa kuphiri, wosatsokomola n'komwe. Anaterereka potsika ndi thabwa pamutu, mwala n'kumung'amba phazi kuyambira kuchala chachikulu mpaka kuchidendene. Tinayang'anana. Kwa miyezi iwiri tinali tisanaone magazi a bala.

"Ndisoka ine," anatero mnyamata wa ku Phalombe.

"Wayamba liti? Ndamuona ndine," ndinatero.

Bambo uja anadzutsa mutu pa machila, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi. "Anthuni, phazi ndi langa. Gwirizanani msanga."

Aphunzitsi anagamula kuti ine nditsuke bala, mnyamatayo asoke, ndipo ena onse aime mozungulira aonerere, chifukwa mayeso anali pafupi ndipo za kusoka mabala tinali titaziiwala.